Viral load siikuoneka, ndiye ma ARV ndisiye?

Achemwali, mwafunsa kuti ngati viral load yanu (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV mmagazi) siikuonekanso akayeza ndiye mukumweranji mankhwala tsiku ndi tsiku. Chonde musasiye, nkhani yake ili mkati mwa maselo a CD4 momwemo, asilikali a mthupi omwe HIV imalowamo.

Selo lililonse lili ndi majini, ali ngati buku la malangizo, koma silimawerenga masamba onse nthawi imodzi ayi, ena limatsegula ena limatseka kutengera ntchito yomwe ilipo. HIV ikalowa mu CD4 imabwera ndi majini ake olembedwa mu RNA nkuwasandutsa DNA, momwe majini a selo amalembedwera, pogwiritsa ntchito puloteni yake ya reverse transcriptase, kenako puloteni ina ya integrase imalowetsa DNA ija mkati mwa DNA ya selo lanu. Kuyambira pamenepo selo likamawerenga majini ake limawerenganso a kachilombo osadziwa, nkumapanga tizilombo tatsopano. Kali ndi puloteni yake ya Tat yofulumizitsa kuwerengako, ndi ina ya Nef yomwe imachotsa zizindikiro kunja kwa selo kuti asilikali ena a mthupi asazindikire kuti lagwidwa. Komanso majini a interferon (puloteni ya thupi yochenjeza maselo za mdani) omwe amayenera kuyaka mdani akalowa kenako nkuzima, amangokhala oyaka zaka ndi zaka, chitetezo nkutopa, CD4 yomwe mwa munthu wathanzi imakhala 500 kupita mmwamba nkumatsika mpaka pansi pa 200 ngati munthu sakumwa mankhwala.

Tsono funso lanu lagona apa. Pali ma CD4 ena aja amakumbukira matenda akale, amenewa amatha kukhala phee kwa zaka zambiri, ndipo majini a kachilombo omwe ali mkatimo nawonso amangokhala phee osapanga kanthu. Makina a viral load amawerenga RNA ya tizilombo toyenda mmagazi basi, izi zobisala mu DNA saziona. Mwa ma ARV, dolutegravir imatsekereza integrase, tenofovir ndi lamivudine zimatsekereza reverse transcriptase, ndiye maselo atsopano sagwidwa, koma DNA yomwe inalowa kale mankhwalawa saichotsa. Selo lija likadzutsidwa ndi matenda ena majini a HIV nawo amayaka, ngati mmagazi mulibe mankhwala viral load imakweranso kawirikawiri pamasabata ochepa chabe, ndipo kumwa modumphadumpha ndi komwe kumapatsa kachilombo mpata wopima mankhwala.

Zimandiwawa ndikamva wina wasiya poti akuti wachira, pomwe kusaoneka kwa viral load ndi umboni woti mankhwalawo akugwira ntchito. Ngati akukusowetsani mtendere mthupi kauzeni a dokotala, atha kukusinthirani.