Marimu a 17 pa galimoto yomwe inabwera ndi a 15: tayala lake ndi liti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Galimoto yawo ili ndi matayala a 195/65 R15, ndipo akufuna kuvalika marimu a 17 chifukwa amakongoletsa galimoto. Wogulitsa wawauza kuti tayala lililonse la 17 likwana. Akufunsa kuti agule saizi iti.

Achimwene, mawu a wogulitsawo musawatengere. Tayala la 17 limapangidwiradi rimu ya 17, koma si lililonse lomwe galimoto yanu ingayende nalo bwino. Chomwe muyenera kusunga ndi msinkhu wa gudumu lonse, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Rimu ikakula, mpira wa m'mbali uyenera kufupika kuti msinkhuwo usasinthe.

Manambala aja amanena izi. 195 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. 65 ndi peresenti: mpira wa m'mbali ndi 65 peresenti ya 195, womwe ndi mamilimita pafupifupi 127. 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchi, ndipo poti inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, rimu yanu ndi 381. Mpira uli pamwamba ndi pansi pomwe, ndiye muwerenge 127 kawiri n'kuonjezera 381. Gudumu lanu ndi mamilimita pafupifupi 635.

Rimu ya 17 payokha ndi 432. Mukaika 225/45 R17 mupeza 634, ndiye palibe chomwe chasintha. 215/45 R17 imapereka 625, kuchepa ndi peresenti imodzi ndi theka, zomwe n'zopirika. Koma 215/55 R17, yomwe munthu angangoitenga poti ili pafupi, imafika 668. Apo mwapitirira 5 peresenti, pomwe akatswiri a matayala amalangiza kuti kusiyana kusadutse 3 peresenti.

Vuto lake ndi lakuti sipidomita imawerengera liwiro potengera mmene gudumu likuzungulirira. Gudumu likakula, iyo ikamaonetsa 100 inu muli pa 105 osadziwa. Galimoto imalemeranso ponyamuka, ndipo mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto kapena mukanyamula katundu, tayala limatha kukhula madigadi.

Pali nambala ina yomwe anthu amaiphonya, ndipo imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Pambuyo pa saizi pamalembedwa zonga 91H. 91 akutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 615, ndipo H ndi liwiro losapitirira makilomita 210 pa ola. Matayala ambiri a 215/45 R17 amakhala a 87, omwe amasenza makilogalamu 545 okha, pokhapokha atalembedwa XL, kutanthauza tayala lolimbitsidwa kuti lizisenza katundu wochulukirapo. Musatsike pa nambala yomwe wopanga galimoto analemba m'buku kapena pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala.

Rimu yeniyeniyo muiyang'anenso. Mabowo a mabawuti akhale ofanana ndi a galimoto yanu: 5x100 ndi 5x114.3 onse ndi a mabowo asanu koma salowana. Nambala ya ET, yomwe imaonetsa mmene rimu imakhalira cham'kati kapena chakunja ikamangidwa, ikasiyana kwambiri ndi yakale, gudumu limalowa mkati n'kumagunda zitsulo, kapena limatulukira kunja.

Mukanandifunsa maganizo anga, ndikanati muganizire misewu yomwe mumayendamo. Pa 225/45 R17 mpira wa m'mbali ndi mamilimita 101 okha, pomwe panopa muli ndi 127. Galimoto imagwira bwino pokhota, zimenezo n'zoona, koma kabampu kalikonse mumakamva m'msana, mafuta amatha kukwerako chifukwa tayala ndi lotambalala, ndipo mukagunda dzenje rimu imapindika kapena tayala limatupa m'mbali. Tayala lotupa silikonzeka, n'lotaya basi. Ngati mumayenda pa phula losalala, tengani 225/45 R17 mutayesa kuti silikukhula paliponse. Ngati njira zanu ndi za maenje, lekerani pa rimu ya 16 ndi 205/55 R16: msinkhu wake ndi 632, ndipo mpira wa m'mbali ukutsala mamilimita 113.