Kodi majeti a ndege za rimoti angaulutse ndege yonyamula munthu?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa owerenga wina amene akumanga yekha kandege ka munthu mmodzi, ka mapaipi a aluminiyamu okutidwa ndi nsalu, potsata mapulani a ku America a gulu la ndege zopepuka kwambiri lotchedwa ultralight. Akuti waona injini za jeti zimene anthu amaika pa ndege zoulutsa ndi rimoti, imodzi yolemera makilogalamu osakwana 3 koma yokankha mphamvu yopitirira makilogalamu 20. Funso lake n'loti, kodi angamangirire ziwiri kapena zitatu pa ndege yakeyo m'malo mwa injini ya pulopela, ndegeyo n'kukhalabe m'malamulo a ku America a ndege za ultralight otchedwa Part 103?

Achimwene, kunyamuka ikhoza kunyamuka. Koma m'mwambamo mudzakhalamo mphindi zowerengeka, ndipo mafuta ambiri amene mudzawotche adzathera m'phokoso ndi m'kutentha. Injinizo n'zabwino, ndege yanunso n'kutheka kuti ndi yabwino, koma zinapangidwira maulendo osiyana.

Tiyambe ndi amene anachitapo, popeza ndikudziwa kuti ndi amene akukokani mtima. Yves Rossy wa ku Switzerland anawoloka English Channel, nyanja ya pakati pa France ndi England, mu September 2008 atabereka phiko lokhala ndi majeti anayi a JetCat. Koma iye sananyamuke pansi. Anachita kudumpha m'ndege ina ali kale m'mwamba, ndipo potera anatsegula parachuti. Kandege ka Cri-Cri ka Michel Colomban, kamene kanauluka koyamba mu 1973, kena kanaikidwa majeti awiri a AMT Olympus ku France, n'kumathamanga kupitirira makilomita 200 pa ola. Bob Carlton wa ku America anaika majeti awiri aang'ono pa glider ya Alisport Silent, mtundu wa ndege youluka popanda injini, n'kumachita nayo zionetsero. Pambuyo pake anasamukira ku injini yokulirapo ya PBS TJ100 ya ku Czech Republic, yomwenso ili pa SubSonex, ndege ya munthu mmodzi imene iye anaiulutsa koyamba mu 2011. Yang'anitsitsani ndege zonsezi. Ina ndi yaliwiro, ina ndi yosalala yodutsa mumphepo mosavuta, ina ili nazo zonse ziwiri. Palibe ya mapaipi oonekera, mawaya ndi woyendetsa wokhala pamtetete ngati yanuyo.

Malamulo a Part 103, amene anakhazikitsidwa mu 1982, satchula mtundu wa injini, choncho jeti siyoletsedwa. Amene amamanga manja ndi malire ake. Ndege isafike makilogalamu 115 ilibe munthu ndi mafuta. Thanki isapitirire magaloni 5 a ku America, omwe ndi malita pafupifupi 19. Injini ili pamoto wonse, ndege ikuuluka mosakwera kapena kutsika, isapitirire ma knot 55, kutanthauza makilomita 102 pa ola. Jeti imafuna zinthu ziwiri kuti ikhale ndi phindu, liwiro ndi mafuta ambiri, ndipo lamuloli lakumanani zonse ziwiri. Mayiko ena ali ndi malamulo awoawo, ena amafuna laisensi ngakhale pa kandege ka munthu mmodzi, ndiye funsani nthambi yoona za ndege ya dziko limene mudzaulukire musanagule kanthu.

Tiwerengetsere. Simunandiuze kulemera kwenikweni kwa ndege yanu, ndiye nditenga malire aja: ndege makilogalamu 115, inu 80, mafuta 15, zonse 210. Ndege ya mapaipi ndi nsalu injini ikazima imapita patsogolo mamita ngati 7 pa mita imodzi imene yatsika. Nambala imeneyi imatiuzanso mphamvu yofunika kuti ingokhala m'mwamba osatsika: 210 kugawa ndi 7, makilogalamu 30 okankha. Jeti ya msinkhu wa JetCat P200 imakankha makilogalamu 23 kapena kuchepera pang'ono. Imodzi siikwana n'komwe. Ziwiri zikupatsani 46, zotsala zokwerera ndi 16, ndipo pa liwiro la makilomita 70 pa ola mudzakwera mita imodzi ndi theka pa sekondi. Kumeneko n'kukwera kwaulesi, ndipo tsiku lotentha kapena pa bwalo la pamalo okwera kudzachepanso, poti mpweya ukapepuka jeti imafooka. Imodzi ikazima mwatsala ndi 23 pamene mukufunika 30, ndiye kuti mukutsika basi. Zitatu ndiye zingakupatseni mtendere, koma zikubweretsa vuto lina. Pulopela imachepa mphamvu yokankha liwiro likamakwera, moti imadziletsa yokha, pamene jeti imangokankhabe pafupifupi chimodzimodzi. Ndi majeti atatu n'zotheka kudutsa ma knot 55 aja, mwinanso kufika pa liwiro limene mapiko anu ansaluwo sanapangidwire.

Nkhani yaikulu ili pa mafuta. Jeti ya msinkhu umenewu pamoto wonse imamwa mamililita opitirira 700 pa mphindi. Ziwiri zimaumitsa thanki ya malita 19 m'mphindi 13, zitatu m'mphindi zosakwana 9. Mukhoza kunena kuti mukakwera mudzachepetsa moto. Zoona, koma tinjini timeneti tikachepetsedwa moto sitichepetsa kumwa mofanana ndi mmene mphamvu yatsikira. Kuti mupeze makilogalamu 30 aja mudzawotchabe pafupifupi lita imodzi pa mphindi. Chotsanipo oyatsira, oyendera pansi, okwerera ndi otsala oti muteretu nawo mtima uli m'malo, ndipo mwa kuwerengera kwanga ulendo wanu ndi wa mphindi 10 kapena kuposera pang'ono. Injini ya pulopela ya mahosipawa ngati 28, monga Rotax 277 yakale ija kapena Hirth F-33, pa ulendo wamba sipitirira malita 10 pa ola, choncho thanki yomweyo ikhoza kukusungani m'mwamba pafupifupi maola awiri.

Kusiyana kotereku kumadabwitsa anthu, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa mukapamvetsa simudzafunikanso kufunsa munthu. Injini iliyonse ya ndege imayenda poponya mpweya kumbuyo. Mphamvu yokankha imachokera ku zinthu ziwiri, kuchuluka kwa mpweya umene waponyedwa ndi liwiro limene wauponyera. Mukhoza kupeza kukankha kofanana pogwira mpweya wambiri n'kuukankha pang'ono, kapena pogwira wochepa n'kuuponya mwamphamvu. Koma mafuta a njira ziwirizi si ofanana. Mukawirikiza kawiri liwiro loponyera, kukankha kumawirikiza kawiri pamene mphamvu yofunika imawirikiza kanayi. Zili ngati kupalasa bwato ndi supuni m'malo mwa nkhafi: mukafulumiza mokwanira bwatolo liyenda ndithu, koma thukuta lanu lambiri lathera m'kuvundula madzi. Pulopela yotalika mita imodzi ndi theka imagwira mpweya wochuluka zedi. Kajeti kamameza mpweya wosakwana theka la kilogalamu pa sekondi n'kuulavula pa liwiro la mamita ngati 500 pa sekondi. Ndege yanu ikuyenda mamita 25 pa sekondi, omwe ndi makilomita 90 pa ola. Pa kusiyana kumeneku, mwa mphamvu yonse ili mu utsi wotulukawo, gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndi limene limayendetsa ndege. Pulopela yabwino pa liwiro lomwelo imagwiritsa ntchito magawo 6 kapena 7.

Tiziike m'mahosipawa kuti zimveke. Makilogalamu 23 okankha pa liwiro la makilomita 90 pa ola ndi mahosipawa osakwana 8, ndipo mukuwagula ndi malita opitirira 40 pa ola. Jeti yomweyo pa makilomita 270 pa ola imapereka katatu kuposa apa ndi mafuta pafupifupi omwewo, n'chifukwa chake pa Cri-Cri zimamvekako.

Palinso kutaya kwina mkati mwa injinimo. Kompulesa ya kajeti ka rimoti ndi gudumu limodzi lofanana ndi la turbo ya galimoto, ndipo imapanikiza mpweya katatu kapena kanayi basi, pamene injini za ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimapanikiza kupitirira ka 30. Kupanikiza kukachepa, kutentha kochuluka kumangotuluka osagwira ntchito. Ndiponso ndege zikuluzikuluzo, ngakhale timazitcha majeti, kukankha kwake kwakukulu kumachokera ku chifani chakutsogolo chija, chimene kwenikweni ndi pulopela yotsekeredwa m'chibekete.

Tsopano za moyo wanu, zimene kwa ine n'zolemera kuposa masamu onsewa. Jeti siyankha msanga. Mukaiwonjezera moto ili pansi penipeni, pamadutsa masekondi angapo isanatenge mphamvu yonse. Ndege yopepuka ilibe thupi losunga liwiro, imafooka nthawi yomweyo moto ukachepa. Ndiye taganizani mukutera, mphepo yakugwetsani mwadzidzidzi, mukufuna kusiya kutera n'kukweranso: masekondi amenewo mulibe. Mudzatayanso mphepo ya pulopela imene pa ndege zambiri zotere imawomba pa mchira n'kuthandiza chiwongolero kugwira pa liwiro lochepa. Utsi wake umatuluka pa madigiri ngati 700, pamene nsalu ya Dacron yokutira ndege zotere imasungunuka pa madigiri ngati 250, choncho mchira ndi mapiko ziyenera kutalikirana nawo kwambiri. Magudumu a mkati amazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, ndipo chikopa chopyapyala cha injiniyo sichinayesedwe monga amayesera injini zonyamula anthu kuti chigwire zidutswa gudumu likasweka. Inu, thanki, mapaipi a mafuta ndi mawaya a chiwongolero, chilichonse chisakhale pambali penipeni pa magudumuwo. Kamwala kapena kanati kamodzi komezedwa ponyamuka pa bwalo la udzu n'kokwanira kuwononga kompulesa.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi kabokosi ka kompyuta kotchedwa ECU kamene kamayendetsa injini. Anakakonza poganizira ndege yopanda munthu, choncho kakaona chokayikitsa, kaya kutentha kwadutsa malire kaya uthenga wa rimoti wadukiza, kamazimitsa injini. Pa ndege ya rimoti nzeru imeneyi ndi yolondola. Pa ndege imene mwakhalamo inu, muli mamita 20 pamwamba pa mitengo, mungakonde injini ipse koma ikuwolotseni. Kathovu kamodzi ka mpweya mu paipi ya mafuta kamathanso kuzimitsa moto, ndipo kuyatsanso kumatenga nthawi imene pa msinkhu umenewo palibe. Ngati majeti onse akudya batire limodzi kapena paipi imodzi, vuto limodzi lidzawazimitsa onse pamodzi, ndiye musadzinamize kuti kuchuluka kwa injini kwakutetezani. Iliyonse ikhale ndi batire, pampu ndi kathanki kake kochotsa thovu, ndipo muziike pafupi ndi pakati pa ndege kuti imodzi ikazima inzake isakupotozereni kumbali.

Za kasamalidwe ndingodutsa. Mabeyaring'i ake amafewetsedwa ndi oyilo wosakaniza m'palafini, magawo 5 pa 100, ndipo opanga ngati JetCat amanena kuti injini za rimotizi zipite kukaunikidwa pakatha maola 25. Ambiri amalembanso m'mabuku awo kuti n'zopangidwira ndege zopanda munthu. Komanso musaiwale kuti kuchotsa injini ya pulopela ndi giyabokosi yake n'kuchotsa makilogalamu ngati 30 pamalo amodzi, ndiye ndege yonse iyenera kupimidwanso kuti muone pamene kulemera kwake kwakhazikika. Makilogalamu opulumukawo lamulo silikulolani kuwasandutsa mafuta.

Pamene majeti aang'onowa apeza malo enieni ndi pa ma glider. Glider yamakono yolemera makilogalamu 450 yopita mamita 45 pa mita imodzi yotsika imangofunika makilogalamu 10 okankha kuti isatsike. N'chifukwa chake Jonker Sailplanes ya ku South Africa inaika kajeti kobisika pamsana pa JS1, ndipo HpH ya ku Czech Republic inachitanso chimodzimodzi pa 304 Shark. Woyendetsa amakatulutsa mpweya wokweza ukasowa, kamayaka mphindi zingapo, iye n'kufika ku bwalo. Kumeneko kupepuka ndi kuchepa kwa injini kumaposa kuipa kwa kumwa mafuta, ndipo ikakana kuyaka ndegeyo inapangidwa kale kuti izitera popanda injini.

Ndikanakhala inu, ndege mwayambayi ndikanaimaliza ndi pulopela monga mapulani akunenera, n'kuphunzira kuiulutsa bwino. Ngati mtima uli pa kulira kwa jeti, ndipo sindikuona cholakwika pamenepo, imeneyo ikhale ntchito yachiwiri pa ndege yosalala, yolembetsedwa m'gulu la ndege zoyesera lotchedwa Experimental kumene malire a malita 19 kulibe. Dziwani kuti ku America woyendetsa ndege ya jeti m'gulu limeneli amafunika laisensi ndi chilolezo chapadera cha FAA, nthambi ya boma yoona za ndege kumeneko. Ngati mwatsimikiza kuyesabe pa ndege yomweyi, gulani injini imodzi yokha poyamba, muimange pa benchi yolimba panja, chozimira moto chili pafupi, makutu ndi maso mutatchinga. Pimani ndi sikelo mmene ikukankhira, mafuta amene ikumwa pa theka la moto ndi pamoto wonse, ndi masekondi amene ikutenga kuchoka pansi kufika pamoto wonse. Mukapeza manambala amenewo, munditumizire pamodzi ndi kulemera kwa ndege yanu ndi kukula kwa mapiko, tidzawerengetsenso ndi manambala anuanu m'malo mwa ongoyerekeza angawa.