Mafunso Anu: Pulatifomu Yophunzirira pa Intaneti M'kalasi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa aphunzitsi ndi makolo amene sukulu zawo zayamba kugwiritsa ntchito mapulatifomu ophunzirira. Tasankha asanu. Oyankha ndi aphunzitsi ndi amisiri a makompyuta amene amakhazikitsa zipangizozi m'sukulu.

Sukulu yathu yalandira matabuleti 20, koma kalasi iliyonse ili ndi ana oposa 50. Tisankhe pulatifomu iti, ndipo tigawane bwanji? — Mphunzitsi wamkulu wa pulayimale

Aphunzitsi aakulu, musanasankhe dzina, yankhani kaye funso limodzi: kodi intaneti ya pasukulu panu ndi yodalirika tsiku lililonse? Kusankha konse kwagona pamenepo, chifukwa mapulatifomuwa sali ofanana ngakhale anthu amawatchula pamodzi.

Google Classroom, yomwe inayamba mu 2014, ilibe maphunziro akeake. Ndi malo oti mphunzitsi agawirepo ntchito, alandire mayankho ndi kuchonga, ndipo imadalira intaneti kwambiri. Moodle, yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002, ndi yaulere ndipo ili ndi mphamvu pa nkhani ya mayeso, koma imafuna seva (kompyuta yosunga pulatifomuyo n'kumaipereka ku zipangizo zina) komanso munthu woisamalira. Ngati palibe amene angatenge udindo umenewo, musaiyambe, idzaima pakangotha temu imodzi. Khan Academy ili ndi mavidiyo ndi zochita zokonzeratu, makamaka masamu ndi sayansi, komabe ndondomeko yake sinalembedwe motsata silabasi yanu, choncho mphunzitsi ayenera kusankha yekha mutu wogwirizana ndi zimene akuphunzitsa sabata imeneyo. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, inapangidwira malo opanda intaneti: mumaiika pa laputopu imodzi kapena pa kakompyuta ka Raspberry Pi, mumalumikiza ku rauta (kabokosi kofalitsa WiFi), ndipo matabuleti onse amatenga maphunziro kuchokera pamenepo. Maphunziro atsopano mutha kuwabweretsa pa fulashi.

Kwa pulayimale imene netiweki yake ndi ya mwa apo ndi apo, ife tingayambire pa Kolibri.

Za kugawana, musaike ana asanu pa tabuleti imodzi. Zimene zimachitika n'zodziwika: wamphamvu amagwira, wachiwiri amalozera, atatu enawo amangosuzumira. Awiri ndiye malire, ndipo azisinthana funso lililonse, wina akugogoda wina akulemba njira yake m'kope. Gawani kalasi m'magulu atatu. Gulu loyamba lili pa matabuleti, lachiwiri lili ndi mphunzitsi pabolodi, lachitatu likulemba ntchito ya m'buku, kenako asinthane. Ngati phunziro ndi lalifupi moti kusinthana katatu sikungatheke, sinthanani mwa masiku. Ana 17 kapena 18 pa gulu ndiye kuti aliyense ali ndi tabuleti yakeyake ndipo awiri kapena atatu atsala odikirira ikafa ina. Kumeneko n'kwabwino kuposa kuunjikana, chifukwa pulatifomu imalemba zimene mwana aliyense wakhoza ndi kulephera, ndipo zolembazo sizitanthauza kanthu ngati ayankha ali gulu.

Lembani nambala kumbuyo kwa tabuleti iliyonse, mwana aliyense adziwe yake. Tchajani zonse madzulo, osati m'mawa belu litalira.

Ana onse akangotsegula vidiyo, imaima n'kumangozungulira. Ndikatsegula ndekha imayenda bwinobwino. Vuto n'chiyani? — Mphunzitsi wa sayansi, Fomu 2

Vuto ndi masamu, aphunzitsi. Tiyerekeze kuti vidiyo imodzi ikufuna 1 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti) kuti iyende bwino. Inu nokha mukufuna 1 Mbps. Ana 40 akufuna 40 Mbps nthawi imodzi. Ngati sukulu ili ndi 10 Mbps, aliyense akulandira gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene akufunika. Data nayonso imatha chimodzimodzi: pa 1 Mbps, mphindi khumi zimadya 75 MB, ndiye ana 40 amaliza 3 GB pa vidiyo imodzi yomweyo.

Chachiwiri ndi rauta. Karauta kakang'ono kapanyumba sikanapangidwire zipangizo 40, ndipo khoma la njerwa kapena la konkire limafooketsa WiFi kwambiri. Ikani rauta m'kalasi momwemo, pamwamba, osati m'kabati ya mu ofesi. Ngati ili ndi mitundu iwiri ya WiFi, 2.4 GHz ndi 5 GHz, gwiritsani 5 GHz m'chipinda chimodzi: ndi yothamanga ndipo sisokonezedwa kwambiri, kungoti silowa makoma bwino.

Chachitatu chimabisala. Matabuleti akangopeza WiFi amayamba kudzitsitsira okha mapulogalamu atsopano, ndipo amatha kudya intaneti yonse inu musakuona. Zimitsani zimenezo pa tabuleti iliyonse, muzizichita tsiku limodzi lodziwika ana ataweruka.

Koma yankho lenileni n'lakuti vidiyo imene kalasi yonse iyenera kuonera siyofunika kutsegulidwa ka 40. Itsitseni dzulo lake, muionetse kamodzi pa pulojekita kapena pa sikirini yaikulu, muziimitsa n'kumafunsa mafunso. Matabuleti muwasungire zochita ndi mafunso, zimene zimadya data yochepa zedi chifukwa ndi mawu chabe.

Theka la nthawi ya phunziro limathera pa mapasiwedi oiwalika. Ndingatani? — Mphunzitsi wa Sitandade 3

Ana a msinkhu umenewo akuphunzira kumene kulemba, ndiye pasiwedi ya zilembo zazikulu, zazing'ono ndi zizindikiro ndi mtolo wowaposa. Apatseni mawu awiri afupiafupi amene amatha kale kuwalemba ndi nambala imodzi. Lembani dzina lolowera ndi pasiwedi pa kakhadi, makhadiwo azikhala ndi inu, muziwagawa phunziro likamayamba n'kuwatolera likatha. Kolibri imalola kuti ana azilowa ndi dzina lokha popanda pasiwedi, ndipo kwa ana aang'ono zimenezo n'zokwanira. Phunziro loyamba lonse likhale lophunzira kulowa ndi kutuluka basi. Kutulukako n'kofunika ngati kulowa: mwana akapanda kutuluka, wotsatira amayankha m'dzina la mnzake.

Maakaunti atsegulidwe ndi sukulu, osati ndi ana. Makampani ambiri salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti yakeyake. Musalowetse zambiri za mwana kuposa dzina ndi kalasi, ndipo makolo adziwitsidwe.

Ndimakonda mayeso amene makina amachonga okha, koma ana amakopera, ndipo nthawi zina makinawo amawalakwitsa pamene akhoza. Kodi ndibwerere ku pepala? — Mphunzitsi wa masamu, sekondale

Ayi aphunzitsi, musabwerere. Mavuto onse awiri ali ndi mankhwala, ndipo gawo limeneli ndi limene pulatifomu imapindulitsa koposa.

Tiyambe ndi kulakwitsa. Makina sawerenga tanthauzo, amangofanizira zimene mwana walemba ndi zimene inu munaika. Mukaika yankho la 0.5, mwana n'kulemba 1/2, kapena 0,5, kapena "0.5 cm", angapatsidwe ziro. Choncho nenani m'funso momwemo mmene yankho lilembedwere, monga "lembani mwa desimali, osaika muyeso". Ikaninso mayankho onse ovomerezeka, osati limodzi. Mu Moodle gwiritsani funso la mtundu wa nambala, limene limalola kusiyana pang'ono, kuti amene walemba 3.14 ndi amene walemba 3.142 onse akhoze. Ndipo musanapereke mayeso, alembeni nokha ngati mwana, mukulakwitsa dala apa ndi apo. Mphindi zisanu zimenezo zimapulumutsa madandaulo a kalasi yonse.

Pa kukopera, kusakaniza ndondomeko ya mafunso ndi ya mayankho kumathandiza, ndipo Moodle ndi Google Forms zonse zimatha kutero. Choposa apo ndi nkhokwe ya mafunso: lembani mafunso 30 a mutu umodzi, ofanana kulimba kwake, Moodle izisankhira mwana aliyense khumi. Ilinso ndi mtundu wa funso limene limasintha manambala, moti oyandikana awiri ali ndi funso limodzi koma mayankho osiyana. Musaonetse mayankho olondola mpaka onse atamaliza. Uzani ana kuti njira yonse ilembedwe m'kope, inu muzitenga makope asanu aliwonse n'kufanizira ndi zimene zili pa pulatifomu.

Komabe tinene mosabisa: ana amakopera kwambiri pamene malikisi ake akulowa pa lipoti la kumapeto kwa temu. Mayeso afupiafupi a pa pulatifomu asamalowe pamenepo. Ntchito yake ndi kukuuzani inuyo zimene kalasi sinamve. Ana akadziwa kuti kulephera pano kulibe chilango koma kumabweretsa thandizo, chifukwa chokopera chimachepa.

Tsono mayankho olakwika muziwakonza mwanzeru, osangoika manambala aliwonse. Tengani funso ili: 1/2 + 1/3. Yankho ndi 5/6. Pakati pa mayankho osankha ikanipo 2/5, chifukwa ndi limene amapeza mwana amene waphatikiza manambala a pamwamba okhaokha ndi a pansi okhaokha. Ikaninso 1/6, limene amapeza amene wachulukitsa m'malo mophatikiza, ndi 2/6, la amene wapeza nambala ya pansi yolondola koma waiwala kusintha za pamwamba. Madzulo mukatsegula lipoti n'kuona kuti ana 18 mwa 45 asankha 2/5, mwadziwa osati kuti alephera chabe, koma pamene pakhota maganizo awo. Mawa lake musapitirire ku mutu wina. Jambulani mzere pabolodi, muonetse pamene pali 1/2 ndi pamene pali 2/5, muwafunse: zingatheke bwanji kuwonjezera kanthu pa theka n'kutsala ndi zochepa kuposa theka? Anayi amene asankha 1/6 akhale nanu pambali mphindi zisanu enawo akulemba.

Kuchonga makope 45 pamanja kuti mupeze chithunzi chimenechi kungakutengereni masiku, pamene kalasi yapita kale patsogolo. Pulatifomu imakupatsani tsiku lomwelo. Koma lipotilo likapanda kutsegulidwa, zonse zija za rauta, matchaja ndi mapasiwedi zapita pachabe. Dziikireni mphindi khumi pa mayeso aliwonse, muyang'ane mafunso awiri okha amene ambiri alephera.

Ntchito zofuna kufotokoza, monga chimangirizo kapena umboni wa jometile, muzichonga nokha. Makina akhoza kungokusungirani.

Mwana wanga akupatsidwa homuweki ya pa intaneti, koma pakhomo tili ndi foni imodzi yomwe ndimapita nayo kuntchito. Akutsalira anzake. Ndilankhule chiyani ndi aphunzitsi? — Mayi wa mwana wa Sitandade 7

Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo musachite manyazi kukawaona aphunzitsi, chifukwa si inu nokha. Kawirikawiri pulatifomu imangoonetsa kuti ntchito sinaperekedwe, sinena chifukwa chake, ndiye mphunzitsi angaganize kuti mwanayo ndi waulesi.

Pemphani zinthu zitatu. Ntchito iliyonse ya pa intaneti ikhale ndi inzake ya papepala yolandira malikisi ofanana. Nthawi yoperekera ikhale masiku angapo, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu pamene foni ili pakhomo, osati usiku umodzi. Ndipo sukulu itsegule chipinda cha makompyuta kapena ibwereketse matabuleti kwa theka la ola ana asanalowe kapena ataweruka.

Funsaninso ngati pulatifomuyo ili ndi pulogalamu ya pafoni yolola kutsitsa ntchito. Ya Moodle ndi ya Khan Academy zimalola kutsitsa zinthu zina pamene pali netiweki n'kudzaziona popanda. Ngati yankho ndi la papepala, mwana alembe m'kope masana, inu mukafika madzulo ajambule tsambalo pamalo owala, foni italunjika pamwamba pa kope, n'kutumiza. Akamaliza aonetsetse kuti pulatifomu yalemba kuti ntchito yaperekedwa. Mu Google Classroom kuika chithunzi pakokha sikokwanira: pali batani lina loperekera, ndipo akapanda kulidina mphunzitsi amaona ngati ntchitoyo sinabwere.