Musanathamangire makina a chiponde, yambani ndi mtedza

Achemwali a ku Mufakose kuno ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, funso lanu ndaliona. Mwati mwasunga kandalama, mukufuna kuyamba kugaya chiponde, chomwe anzathu kuno amati dovi, ndipo mukufunsa kuti makina abwino ndi ati, komanso kuti munthu amalowa bwanji m'masitolo akuluakulu. Za makina ena ayankha kale, ndipo amene wakuuzani kuti muganizire za kuzimazima kwa magetsi a ZESA wanena zoona. Ine ndikambe za mtedza, chifukwa ndi pomwe ndinapunthwa.

Chaka changa choyamba ndinagula matumba atatu a mtedza woswa kale kwa munthu wina, pamtengo woti ndinachita kuvina. Patapita masabata awiri ndinatsegula thumba lapansi, fungo lake ngati m'nyumba yodontha. Anali atauwaza madzi kuti makoko afewe posenda, komanso kuti ulemere pasikelo. Chizolowezi chimenechi tonse timachidziwa kuyambira kwathu ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo kunonso chilipo. Thumba lonse ndinataya.

Nkhani yake ndi chuku. Pali mtundu wa chuku wotchedwa Aspergillus flavus womwe umakonda mtedza ndi chimanga chonyowa, ndipo umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Anamuzindikira mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa chodya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anafa atadya chimanga chachuku. Koma imfa yadzidzidzi yotereyi sichitika kawirikawiri. Chofala n'chakuti poizoniyu amalowa pang'onopang'ono, kuwononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Nanga chiponde amadya kwambiri ndani? Ana, m'phala la m'mawa.

Apa mumvetsetse: kukazinga sikuchotsa aflatoxin. Moto wa chiwaya umapha tizilombo, koma poizoniyu ambiri amatsala. Ndipo mtedza ukagayidwa, njere zochepa zoipa zimasakanikira m'ndowa yonse, palibenso wozisankha. N'chifukwa chake malire ake ndi aang'ono kwambiri. Bungwe la Codex, lomwe limaika miyezo ya zakudya padziko lonse, limalola magawo 15 a aflatoxin pa magawo biliyoni imodzi mu mtedza wokakonzedwanso, pomwe ku Ulaya amalola magawo 4 okha mu mtedza woti munthu adye. Akuluakulu amene anagwirako ku ADMARC angakuuzeni mmene mtedza wa Chalimbana unkapitira kunja kale, ndipo chimodzi mwa zomwe zinavuta pamsika umenewo ndi chuku chomwechi.

Tsono gulani bwanji? Ngati n'kotheka gulani mtedza wa m'makoko, mukasende nokha popanda dontho la madzi. Uyenera kuuma kufikira chinyontho chitatsika cha m'ma 7 peresenti. Popanda chipangizo choyezera, gwedezani khoko, njere zilire mkati, ndipo mukaluma ithyoke kuti thwa, osati kupindika. Ku msika wa Mbare Musika musamangoona pakamwa pa thumba, pisani dzanja mpaka pansi, nunkhizani. Mukadzakula pang'ono, pezani mlimi mmodzi kapena awiri ku Mutoko kapena ku Murehwa oti muziwadziwa mmene amaumitsira. Matumba asagone pa simenti kapena kutsamira khoma, aikeni pa matabwa, mphepo izidutsa.

Kenaka ntchito yotopetsa, yomwe ndi bizinesi yeniyeniyo: kusankha pamanja. Lichero pamwendo, kuchotsa mphwephwa, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, zakuda ndi zachikasu. Mukakazinga n'kupukusa khungu, sankhaninso kachiwiri, poti zina zimaonekera pamenepo. Zotayazo zitayeni ndithu. Ndimadziwa mtima wathu, timati ndisinje nsinjiro zothira m'ndiwo za pakhomo pano, kapena ndipatse ziweto. Ayi achemwali. Pamenepo ndiye mwaunjika poizoni yense n'kupatsa ana anu, ndipo ng'ombe ikadya amatulukira mu mkaka. Mtengo wa zotayazo muuwerengere pa botolo lililonse kuyambira tsiku loyamba. Ambiri amaiwala zimenezi, kenaka n'kumadabwa kuti phindu lalowera kuti.

Mukatha kukazinga pali mdani wina, kachilombo koyambitsa matenda a m'mimba kotchedwa Salmonella. Sachulukana mu chiponde poti mulibe madzi, koma amatha kukhalamo wamoyo miyezi yambiri. Ku United States mu 2008 ndi 2009 anthu oposa 700 anadwala, 9 anafa, chifukwa cha chiponde cha kampani ya Peanut Corporation of America, ndipo mwini wake anagamulidwa zaka 28 m'ndende mu 2015. Kumeneko n'kwa anthu a makina a mamiliyoni. Ndiye mtedza wokazinga usakhudzane ndi wauwisi, ndowa zikhale zosiyana, makina mukatsuka aume gwaa musanagayenso. Za madzi sindichita kukuuzani, ife a mu Harare kolera timamudziwa, wa 2008 uja anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 anayambiranso ku Glen View ndi ku Budiriro. Madzi a pachitsime muziwathira klorini kapena kuwawiritsa musanatsukire mabotolo. Mabotolo otola kunja, ngakhale atchipe bwanji, asiyeni.

Za mapepala mwachidule. Yambirani ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya Harare, akuuzeni zoyenera pa malo ogwirira ntchito, ndipo aliyense wogwira chakudya akayezetse kuti akhale ndi chiphaso cha dokotala. Lamulo lalikulu ndi Food and Food Standards Act. Pa botolo palembedwe dzina lanu la bizinesi ndi komwe muli, zomwe mwaikamo, kulemera kwake, tsiku lothera ntchito, ndi nambala ya mgayo umenewo. Nambalayi muzilemba m'kope limodzi ndi komwe munagula mtedza, kuti kasitomala akadandaula mudziwe mabotolo oti muwatsate. Tengani chiponde chanu mukachiyezetse aflatoxin ku labotale ya Standards Association of Zimbabwe kapena ku labotale ya boma ya Government Analyst. Pamafunika ndalama, inde, koma pepala limenelo ndi lomwe mungakaike patebulo la wogula wa sitolo yaikulu.

Komabe masitolo ngati OK ndi TM Pick n Pay musawathamangire chaka chino. Masitolo akuluakulu kawirikawiri salipira tsiku lomwe mwapereka katundu, ndipo munthu wa mpamba wochepa sangadikire uku mtedza ukukwera mtengo. Yambani ndi matakishopu a m'dera lanu, amayi a kutchalitchi, ndi ife a m'gulu muno, olipira pompopompo. Makina gulani aang'ono, a chitsulo chosachita dzimbiri, omasuka mosavuta potsuka, ndalama yotsalayo mugulire mtedza nthawi yokolola pomwe uli wambiri.

Chinanso, mafuta akayandama pamwamba pa botolo musadandaule, ndi mmene chimachitira chiponde chosasakaniza kanthu, ingouzani ogula atakase ndi supuni. Ine Loweruka lililonse ndimakhala pa lichero kuyambira m'mawa. Mukafuna ndilembereni pambali, mubwere mudzaone zomwe ndimataya.