Masiku 30 a apilo akadutsa ku khoti la feduro ku America

Achimwene ena okhala ku Indiana alemba kalata. Anagonja pa mlandu wa kuntchito ku district court ya feduro (khoti loyamba kuzenga mlandu), analibe loya, ndipo ankawerenga masabata 6 ochitira apilo monga zimakhalira ku Supreme Court of Appeal kwathu. Lero ndi tsiku la 38. Akufunsa ngati apilo yafa.

Sinafe achimwene, koma musagonenso. Lamulo 4(a) la Federal Rules of Appellate Procedure limapereka masiku 30 operekera notice of appeal (pepala lodziwitsa khoti kuti mukuchita apilo), kuwerenga kuyambira tsiku limene chigamulo chinalowa m'kaundula wa khoti, osati tsiku limene inu munachiona. Masiku amakhala 60 pokhapokha boma la America, nthambi yake kapena wantchito wake pa udindo wake akakhala mbali ya mlanduwo.

Makhoti akumeneko saseka ndi masiku amenewa, ndipo nthawi zina nkhanza zake zimapyola muyeso. Mu 2007, pa mlandu wa Bowles v. Russell, jaji mwiniwake analakwitsa n'kupatsa munthu masiku 17 pomwe lamulo limalola 14. Munthuyo anapereka pepala lake pa tsiku la 16, potsatira mawu a jaji. Supreme Court ya America, majaji 5 kwa 4, inati apilo yachedwa. Ine ndimati anayi aja ndiwo anaona bwino. Wolakwa ndi jaji, wolangidwa n'kukhala womvera? Komabe lamulo ndi lomwelo mpaka lero.

Khomo lanu ndi excusable neglect, kutanthauza kuchedwa komwe khoti lingakhululuke. Chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Pioneer cha 1993 chinati jaji aone zinthu zinayi: ngati kuchedwako kwapweteka mnzanu wa mlandu, kutalika kwake, chifukwa chake, ndiponso ngati munachita mosabisa kanthu. Pa zinayizi, chifukwa cha kuchedwako ndicho chimalemera. Kugonekedwa m'chipatala kumamveka. Kusadziwa lamulo kawirikawiri sikumveka, ngakhale kwa munthu wopanda loya. Ena adzakutchulirani Pincay v. Andrews wa 2004, pomwe wothandiza loya anawerenga masiku 60 m'malo mwa 30 ndipo khoti linakhululuka. Uwo ndi wa Ninth Circuit, khoti la apilo la chigawo china, ndipo khotilo linangolemekeza chisankho cha jaji wapansi. Yanu ikupita ku Seventh Circuit ku Chicago, musaudalire.

Zochita sabata ino

Pemphani kuwonjezeredwa nthawi ku district court komweko, osati ku Chicago, tsiku la 60 lisanadutse. Likadutsa, jaji alibenso mphamvu ngakhale atakumverani chisoni. Tumizani kope kwa loya wa mbali inayo. Lembani declaration (chikalata cha umboni wanu) yofotokoza tsiku ndi tsiku chimene chinachitika, ndi mapepala a umboni, musakometsere. Perekani notice of appeal limodzi ndi pempholo. Ndi tsamba limodzi, mtengo wake $605, kapena pemphani kuti musalipire ngati mulibe. Akakulolani, malire ndi tsiku la 60 kapena masiku 14 chilolezo chitaperekedwa, kutengera lomwe lidzafike mochedwerapo.

Ngati chidziwitso cha chigamulo sichinakufikeni m'masiku 21, onaninso Lamulo 4(a)(6), njira yake ndi ina. Ndipo pezani loya wa apilo mawa lomwe, awerenge pempholo musanalipereke.