Mafuta a sea buckthorn: yankho kwa achemwali ofuna kugulira amayi awo

Achemwali, funso lanu ndinaliona dzulo koma ndinali wotanganidwa. Mukuti wina akukutsatsani makapisozi a mafuta a sea buckthorn, ati ndi "mankhwala a ku Tibet" ochiza shuga, BP ndi zilonda za m'mimba, ndipo mukufuna kugulira amayi. Chomeracho chilipodi ndipo mbiri yake ndi yakale, koma wotsatsayo wathira mchere wambiri.

Ndi chitsamba chaminga, cha masamba aang'ono otuwa, chomera m'mbali mwa mitsinje ndi m'miyala m'madera ozizira kwambiri. Zipatso zake ndi zazing'ono ngati nandolo, zamtundu wa lalanje, zomatirira panthambi mothithikana, ndipo n'zowawasa moti bwemba amachepa. Ku Tibet amachitcha tarbu, ku Mongolia chatsargana, ku China shaji. Azasayansi amati Hippophae rhamnoides, dzina lochokera ku Chigiriki lonena za kavalo wonyezimira, chifukwa akale ankati akavalo odya masamba ake amasalala ubweya. Nkhani yoti asilikali a Genghis Khan, mfumu yakale yankhondo ya ku Mongolia, ankapeza mphamvu m'zipatsozi, imene otsatsa amaikonda, ndi nthano chabe.

Ku Tibet, tarbu amatchulidwa m'buku lalikulu la zamankhwala la Gyushi, limene linafika m'maonekedwe ake a lero cha m'zaka za m'ma 1100. Luso lawo la zochiritsa limatchedwa Sowa Rigpa. Linafalikira ku Mongolia pamodzi ndi Chibuda, makamaka pambuyo pa 1578 pamene mfumu ya Amongolia Altan Khan anakumana ndi mtsogoleri wa Chibuda wa ku Tibet Sonam Gyatso, amene anapatsidwa dzina la Dalai Lama. Tsono apa mumvetsetse: ntchito yaikulu imene asing'anga akumeneko ankapatsa chipatsochi ndi ya m'chifuwa. Kumasula makhololo olimba, kuchepetsa kutsokomola, kuthandiza mimba yosagaya bwino chakudya, ndiponso kuyendetsa magazi amene iwo amati aima, monga kwa amayi amene msambo wawo wasokonekera. Ankawiritsa zipatsozo mpaka madzi ake atakhala phala lolimba lakuda, n'kumasunga. Kawirikawiri sankapereka chokha. Ku Mongolia mpaka pano kuli mankhwala a chifuwa otchedwa Darvu-5, osakaniza zinthu zisanu, mwa izo mphesa zouma ndi mizu yotsekemera ya licorice. Ndipo sing'anga asanapereke, amayamba wagwira pamkono kumva kugunda kwa mtsempha ndi kuyang'ana mkodzo. Palibe amene ankangopereka botolo limodzi kuti lichize aliyense chilichonse.

Chimodzi chimandisangalatsa ine: kakololedwe kake. Minga ndi yoopsa ndipo chipatso chimaphulika m'manja, choncho alimi a m'chigawo cha Uvs, kumadzulo kwa Mongolia kumene chatsargana amatchuka, ambiri amadikira chisanu chiumitse zipatsozo gwaa ngati timiyala, kenako amayala nsalu pansi n'kugwedeza nthambi. M'nyengo yozizira anthu a ku Ulaanbaatar, likulu la Mongolia, amamwa madzi ake otentha othira shuga kapena uchi, monga ife tichitira ndi ndimu tikamva chimfine. Kwa iwo ndi chakudya ndi chakumwa cha masiku onse.

Za m'kati mwake n'zodziwika bwino. Chipatsochi chili ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje, vitamini E, ndi carotene amene amachipatsa mtundu uja. Mafuta ake ali pawiri, ndipo otsatsa ambiri sasiyanitsa. A mnofu wa chipatso ndi ofiira, ali ndi mtundu wa mafuta wotchedwa omega-7, ndipo ndi amene madokotala a ku Soviet Union ankapaka pa zilonda zamoto ndi pakhungu lopsa ndi cheza. A njere ndi achikasu, ali ndi omega-3 ndi omega-6. Dziko la China linaika chomerachi m'buku lake la mankhwala ovomerezeka mu 1977.

Nanga atayesa pa anthu? Akatswiri a pa yunivesite ya Turku ku Finland anapatsa anthu athanzi oposa 200 phala la zipatsozi tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu, ena n'kuwapatsa longofanana nalo koma lopanda zipatsozo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2008, zinaonetsa kuti chimfine chinawagwira mofanana onse. Mu 2010 anayesanso mafuta, magalamu 2 patsiku, pa anthu ovutika ndi maso ouma, ndipo kufiira ndi kuwotcha kwa maso kunachepako. Ndiwo mlingo wake umenewo: thandizo lochepa pa zinthu zina, makamaka khungu, maso ndi malo ena onyowa a m'thupi. Zambiri zonenedwa za zilonda za m'mimba, chiwindi ndi khansa zinachokera pa makoswe ndi m'mabotolo a mulabotale. Khoswe si amayi anu.

Kunena za shuga ndi BP, chonde amayi asasiye mankhwala akuchipatala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha makapisoziwa. Palinso china: mafutawa angachedwetse kuundana kwa magazi, choncho ngati amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, kapena akuyembekezera opareshoni, ayambe afunsa adokotala. Zilonda za m'mimba nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kapena ndi mankhwala opha ululu monga ibuprofen, ndipo kachilomboko kamafa ndi maantibayotiki, osati mafuta.

Ngati cholinga ndi vitamini C basi, magwafa ndi malambe zili pamsika pomwepo pamtengo wozizira. Kudzala chitsambachi kwathu kuno musadzivute nako, chimafuna chisanu chenicheni, komanso mtengo waumuna ndi waukazi ndi yosiyana.

Mukafunabe kugula, funsani wogulitsayo kuti ndi mafuta a njere kapena a mnofu, anapangidwa kuti, atha ntchito liti, ndipo kapisozi imodzi ili ndi mamiligalamu angati. Akayamba kuzungulira, ndalama zanu bwezerani m'thumba. Akayankha bwino, tengani botololo pa tsiku la amayi lopita kukayezetsa shuga, adokotala akalione asanamwe.