Funsani Malume: Kodi vinyo wa kopaletivi ndi wotsikirapo?

Funso: Malume, ndangoyamba ntchito yoperekera zakudya pa lesitanti ina ya zakudya za ku Italy kuno ku Edinburgh. Pa mndandanda wathu pali mitundu iwiri ya vinyo wofiira wotchedwa Barbaresco. Wina ali ndi dzina la banja ndipo ngodula kwambiri, winayo analemba kuti Produttori del Barbaresco. Mnzanga wapantchito akuti wachiwiriyo ndi wa kopaletivi, wosakaniza mphesa za alimi ambiri, ndiye ndisamamutchule kwa makasitomala olemera. Kodi akunena zoona?

Yankho: Mphwanga, mnzakoyo wanena zoona pa chinthu chimodzi chokha, chakuti mphesazo ndi za alimi ambiri. Zinazo usamumvere. Inenso nditangofika kunoko ndinkaganiza ngati iyeyo, ndipo tsiku lina ndinamubweza kasitomala pa botolo lomweli n'kumugulitsa lina lodula. Bamboyo, nkhalamba ya ku Piemonte, dera la ku Italy komwe vinyoyu amachokera, anandiitana titatsala pang'ono kutseka n'kundifotokozera mbiri ya vinyoyo modekha. Ndinachita manyazi, koma ndimawayamikabe mpaka lero.

Barbaresco ndi kamudzi ka m'mapiri kumpoto kwa Italy, pafupi ndi tauni ya Alba. Kumeneko amalima mphesa yotchedwa Nebbiolo. Kale alimi ang'onoang'ono ankangogulitsa mphesa zawo kwa ogula akuluakulu pa mtengo wonenedwa ndi ogulawo, poti mphesa ikathyoledwa siidikira. Iwe unakulira pakati pa alimi, ukudziwa zomwe zimachitika mlimi akakhala ndi zokolola zosachedwa kuwonongeka pomwe wogula ndi mmodzi. Mu 1958 wansembe wa pamudzipo, Don Fiorino Marengo, anasonkhanitsa alimi 19 n'kuwauza kuti azipanga okha vinyo. Zaka zoyambirira ankapangira m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Mawu oti produttori akutanthauza opanga. Lero ali mabanja oposa 50.

Chomwe chinawakweza ndi malamulo amene anadziikira okha. Sapanga vinyo wa mphesa ina koma Nebbiolo. Membala aliyense amabweretsa Nebbiolo wake yense, osati kupatula zabwino kukagulitsa kwina n'kubweretsa zotsalira ku gulu. Ndipo malipiro amatengera ubwino wa mphesazo, osati kulemera kokha. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kopaletivi ikamalipira pa kilo basi, mlimi amasiya mpesa ubereke mmene ungathere, ndipo vinyo wake amatuluka wamadzimadzi. Makopaletivi otere alipo, ndipo ndi amene anaipitsa dzina la anzawo. Koma ikamalipira ubwino, mlimi yemweyo amathothola mphesa zina zikadali zaziwisi kuti zotsalazo zikhwime bwino. Chaka chikakhala chabwino, a Produttori amaika padera vinyo wa minda 9, monga Asili, Rabajà ndi Ovello, ndipo kuseri kwa botolo amalemba mayina a mabanja amene analima. Ukalipeza lotero, litembenuze umuonetse kasitomala.

Ku France nakonso ilipo kopaletivi yotere. Cave de Tain, ya m'chigwa cha mtsinje wa Rhône, inayamba mu 1933, ndipo vinyo wawo wotchedwa Crozes-Hermitage, wa mphesa ya Syrah, sanandichititsepo manyazi patebulo.

Sindikunyoza mabanja ayi. Banja likakhala ndi munda wake, limatha kuumirira njira imene msonkhano wa alimi 50 sungavomereze. Amene ndimawakonda kwambiri ndi a López de Heredia a ku Haro, m'dera la Rioja ku Spain, omwe anayamba mu 1877. Lamulo la kumeneko limati vinyo wofiira wotchedwa Reserva asungidwe zaka 3, chimodzi mwa izo m'migolo yamatabwa. Iwowa vinyo wawo wa Viña Tondonia amamusunga m'migolo zaka pafupifupi 6, ndipo migoloyo amakhoma okha pamalopo. Tangoganiza, ndalama kugona m'chipinda chamdima zaka zonsezo! Mlimi wamng'ono wofuna kulipira sukulu ya ana sangadikire choncho. Ndiye botolo la banja likadula, nthawi zina ukulipira kudikira kumeneko, nthawi zina kuchepa kwa mabotolo, nthawi zinanso dzina chabe.

Dziwanso kuti si botolo lililonse lokhala ndi dzina la banja lomwe ndi la munda wa banjalo. Ena amagula mphesa kapena vinyo wopanga kale. Pa botolo la ku France yang'ana mawu oti mis en bouteille au domaine kapena au château, kutanthauza kuti anathirira m'botolo pamunda pomwepo. La ku Italy likalembedwa cantina sociale, ndiye kopaletivi.

Barbaresco onse awiri amene mukugulitsawo anadutsa lamulo limodzi: mphesa ya Nebbiolo yokha, ndi kusungidwa miyezi yosachepera 26. Nebbiolo amaoneka wofiira mopepuka koma amaumitsa mkamwa ngati nthochi yosapsa, choncho amafuna nyama yamafuta kapena bowa. Pempha abwana ako akulawitse pang'ono onse awiri, kuti kasitomala akakufunsa uzimuuza zomwe lilime lako lamva.

Funso: Malume, mchemwali wanga wandibweretsera botolo la Rioja Crianza kuchokera ku Spain. Ine ndimakhala ku Mangochi. Akuti vinyo wofiira saikidwa m'firiji. Nditani?

Yankho: Mayi, amene anayambitsa mawu amenewo ankakhala m'nyumba zozizira za ku Ulaya. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, ndipo ku Mangochi mwezi wa Okutobala m'nyumba mumatentha kupitirira 30. Vinyo akatentha choncho mumangomva ukali wa mowa, fungo la zipatso limabisika. Muikeni m'firiji kwa mphindi 30 kapena 40 musanatsegule. Musasunge botololo pawindo kapena pafupi ndi mbaula, ndipo musalisungire ukwati wa zaka zikubwerazi, chifukwa Crianza amatuluka ku Spain atasungidwa kale zaka 2 ndipo ngwokonzeka kumwa. Mukatsegula, bwezeretsani chivindikiro, muike m'firiji, mumalize pasanathe masiku 3. Amayenda bwino ndi nyama yambuzi yowotcha.